Ziganizo za kulephera, kukanika ndi mmene zinthu zilili: pomwe ntchito yafika

Lolemba

Gawo la mawu a kuyenda ndi kunyamula tinatseka sabata yatha, nde pano talowa gawo lija aliyense mu timu amalizemba, la mawu onena za kulephera ndi ena onena mmene munthu kapena chinthu chilili. Kwa inu amene mwangotipeza kumene, ntchito yathu ndi iyi: liwu lililonse lomwe lili pa mndandanda timalipezera ziganizo zachitsanzo, ziwiri kaya zitatu, zoti mwana wasukulu kapena mlendo wophunzira Chichewa akawerenga aone mmene liwulo limakhalira pakati pa anzake. Matanthauzo sitikulemba ife ayi, amenewo alipo kale m'madikishonale, ngakhale Mtanthauziramawu wa Chinyanja uja a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000 amafotokoza m'Chichewa momwemo. Ife zathu ndi ziganizo basi.

Lamulo lomwe tagwirizana pa gawo lino ndi limodzi. Ukachotsa liwu lomwe ukufuna kuonetsalo n'kuikapo mnzake woyandikana naye, chiganizo n'kumvekabe chimodzimodzi, ndiye kuti chiganizocho sichikugwira ntchito, chichoke. Zambiri zomwe anthu anatitumizira poyamba zagwera pomwepa. "Mphatso walephera." Chabwino, koma mutha kunenanso kuti wakanika, wagonja, waluza, walakwa, zonse zikulowa bwinobwino, nde wophunzira uja waphunzira chani pamenepo? Wangodziwa kuti Mphatso zinthu sizinamuyendere, zomwe akanadziwa ngakhale osawerenga chiganizo chathucho.

Lachiwiri usiku

Tsiku lonse lathera pa kulephera ndi kukanika, mawu awiri okha, ndipo tinatsala pang'ono kungowalembera chiganizo chimodzi chifukwa malo ambiri amasinthana popanda vuto. "Ndalephera kunyamula katunduyu" ndi "ndakanika kunyamula katunduyu", palibe angakutsutse. Koma achemwali ena amene amatithandiza kuwerenga ndi amene anatitsegula maso, anati tatembenuzani chiganizocho muone. Kukanika kumalola kuti chinthucho chikhale mwininkhani, iweyo ukhale wochitiridwa: "Samu iyi yandikanika." "Mwanayu watikanika tonse." Yesani kunena kuti samu iyi yandilephera, simukumva kuti pena pake pakhota? Kulephera kumafuna kuti wolepherayo aime yekha kutsogolo, "walephera mayeso", "alephera kulipira ngongole", dzina lake lili poyera. Pomwe ukati mayeso amukanika zikukhala ngati mayesowo ndi amene anachita makani.

Kusiyana kwina kwabwino kwambiri kwatulukira pa wolephera ndi wokanika. "Ndi munthu wolephera, chilichonse akayamba amasiyira panjira." Uyu ndi amene zake siziyenda. Koma "mwana uja ndi wokanika, aphunzitsi onse anamutaya" ndi nkhani ina, wokanikayo sikuti iyeyo walephera kanthu, alephera ndi anthu omulera. Ziganizo ziwirizi ndazikonda ndipo zalowa mmene zilili.

Kulephereka ndi kulepheretsa sizinativute. Chimalephereka ndi chinthu chomwe chinakonzedwa kuti chichitike koma osachitika, msonkhano, ulendo, masewero. "Msonkhano walephereka chifukwa apampando sanabwere." "Mvula yalepheretsa masewero a lero." Tinaonjezera chimodzi cha ukwati kuti anthu aone malire: "ukwati wawo unalephereka kutatsala sabata imodzi" ndiye kuti sunachitike n'komwe, pomwe "ukwati wawo unatha" ndiye kuti analowa m'banja kenako n'kusiyana.

Lachinayi

Apa nde pamene pali nyama ya nkhani yonse, ndilemba motalikirapo mundikhululukire.

Amene munaphunzira malamulo a Chichewa ku sekondale mukukumbuka misintho ya aneni, wochitidwa, wochititsa, wochitirana ndi ena aja. Pali umodzi aphunzitsi ankautchula kuti wam'chibisira, uja wa -ik- kapena -ek-, ndipo dzinalo anaganiza bwino amene analipeka chifukwa ntchito yake ndi kubisa wochita. Theka la mawu a gawo lino ali mu msintho umenewu: kusweka, kuwonongeka, kung'ambika, kutayika, kulakwika, kusokonezeka, kutheka. Kusankha pakati pa -ik- ndi -ek- sikuti ndi mwachisawawa, kumatsatira lembo la liwu lomwe lili mu tsinde. Likakhala e kapena o timamva -ek-, tseka tsekeka, konza konzeka, ona oneka. Likakhala a, i kapena u timamva -ik-, chapa chapika, gwira gwirika, phunzitsa phunzitsika. Aneni afupiafupi aja ngati swa, tha, mva amatenga -ek-, sweka, theka, mveka. Kenako pali gulu lina lomwe l amangosanduka k, thyola thyoka, tsegula tseguka, dula duka, gumula gumuka, boola booka. Mu faili yathu taonjezera kolamu yoti pa liwu lililonse lotere tizilemba mneni amene linachokerako, kuti wowerenga aziona awiriwo limodzi.

Vuto linali loti anthu ambiri otitumizira ziganizo amasakaniza msinthowu ndi wochitidwa, ngati kuti "galasi lasweka" ndi "galasi laswedwa" ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi. Laswedwa likukuuza kuti pali munthu analiswa ngakhale sitinamutchule, ndipo ukafuna umutchula, "galasi laswedwa ndi Mphatso". Lasweka likungokuuza mmene galasilo lilili pano, za munthu silikufuna kumva. N'chifukwa chake mwana akagwetsa kapu amathamangira kunena kuti yasweka, mwinanso kuonjezera kuti yokha kkkk, sanganene kuti yaswedwa chifukwa funso lotsatira akulidziwa.

Tapeza njira ziwiri zoonetsera kusiyanaku m'chiganizo mopanda kufotokoza zambiri. Yoyamba ndi liwu loti mwadala. "Foni yanga inawonongedwa mwadala" ikumveka. "Foni yanga inawonongeka mwadala" ikumveka ngati foniyo inakhala pansi n'kuganiza zowonongeka. Yachiwiri ndi kukana, ndipo iyi si nzeru zathu, akatswiri awiri Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analemba za kusiyana kwa misintho iwiriyi mu 1996 mu magazini ya akatswiri a zilankhulo yotchedwa Language, ndipo Sam Mchombo wa ku University of California ku Berkeley nayenso anaifotokoza nkhaniyi polemba za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa mu 2004. Ife tangopanga ziganizo zathu potsatira ganizolo. "Malayawa sanachapidwe" ndiye kuti palibe anawakhudza, madzi sanawaone. "Malayawa sanachapike" ndiye kuti mwina munthu anachapa ndithu mpaka manja kuwawa koma litsiro likadalipo. Nde chiganizo chomwe talowetsa ndi ichi: "Ndinawachapa kawiri koma sanachapike." Mukaikapo sanachapidwe chiganizocho chikudzitsutsa chokha, ndipo ndi zimene timafuna, chiganizo chomwe chikukana mnzake woyandikana naye.

Ineyo ndikuona kuti apa ndi pamene Chichewa chimanena za kulephera mwaluso kuposa pena paliponse. Sanachapike, sinakonzeke, silinatsekeke, sizinamveke, onsewa akunena kuti ntchito inagwiridwa koma zotsatira palibe, ndipo sakuloza munthu chala. Wophunzira amene amangodziwa kulephera yekha azingoti makaniko walephera kukonza galimoto, pomwe mwini chilankhulo akafuna kusunga ubale angoti galimoto ija sinakonzeke.

Chenjezo limodzi lomwe m'bale wina mu timu anakumbutsa: tisalembe kuti msinthowu sulola ndi. Umalola ngati chomwe chikutchulidwacho si munthu wochita mwakufuna. "Denga linasasuka ndi mphepo." "Pepala lanyowa ndi thukuta mpaka lang'ambika." Izi n'zabwinobwino. Chomwe sichimveka ndi "denga linasasuka ndi Mphatso".

Komanso msintho womwewu uli ndi ntchito yachiwiri, yonena ngati chinthu n'chotheka kapena ayi, ndipo imaonekera kwambiri pokana. "Kalatayi siikuwerengeka, inki yafufutika." "Msewu uwu suyendeka nthawi ya mvula." "Chitseko sichikutseguka." Apa sitikunena kuti chinachake chachitika kale, tikunena kuti aliyense angayese zimukanika. Tagwirizana kuti liwu lomwe lili ndi ntchito ziwirizi lizikhala ndi chiganizo cha iliyonse, mwachitsanzo "chitseko chatseguka ndi mphepo" ndi "chitsekochi chimatseguka ukachikankha ndi phewa".

Loweruka

Banja la kulakwa latha msanga. Kulakwa ndi kukhala wolakwa pa mlandu kapena pa khalidwe, "walakwa ndiwe, pita ukapepese". Kulakwitsa kumafuna chinthu chomwe wachiphonyetsa, "mwalakwitsa nambala, kuno kulibe munthu ameneyo". Kulakwira kumafuna munthu, "ndakulakwirani chani?" Kulakwika ndi m'chibisira uja, "pena pake palakwika, ndalama sizikukwana". Kokha pa mayeso ndi pomwe kulakwa ndi kulephera amakumana, walakwa mayeso, walephera mayeso, onse anthu amanena, nde ziganizo za mayeso tazichotsa pa kulakwa chifukwa sizikudutsa lamulo lathu lija.

Kugonja ndi kuluza kunali kukangana pang'ono, ena amati kuluza ndi kobwereka tikusiye. Ine ndinakana. Anthu amanena tsiku lililonse, ndipo si kuti amangobwereza kugonja. Pa mpira inde amasinthana, nyuzipepala ilemba kuti timu yagonja 2-0, ochemerera akuti taluza. Koma "ndagonja, tandiuzani yankho" simungaikepo ndaluza, ndipo "waluza ndalama zonse pa juga" simungaikepo wagonja. Ngakhale pa maliro anthu amati taluza munthu wofunika. Awiriwa aliyense ali ndi munda wake, onse akhala.

Pa kuphonya tataya chiganizo chomwe chinabwera kangapo kuchokera kwa anthu osiyana, chakuti "ndaphonya basi". Chimenecho ndi Chingerezi chovala malaya a Chichewa. Ife timati basi yandisiya. Kuphonya n'kwa chinthu chomwe unachalira, "waphonya penate", "anaponya mwala koma anaphonya mbalame". Ndipo taonani, pa basi yandisiya paja chinthu chakhalanso mwininkhani munthu n'kukhala wochitiridwa, ngati samu yandikanika ija.

Lolemba linalo

Tayamba mawu a mmene munthu alili, ndipo apa nkhani si liwu lokha koma nthawi ya mneni. Aneni ambiri otere akafuna kunena za pano amatenga maonekedwe a chinthu chomwe changochitika kumene. Ndatopa sikuti ndikukamba mbiri, ndikunena mmene ndilili pano. Wakwiya, wakalamba, yauma, yanyowa, laphwa, waima, wakhala pansi, onsewa ndi choncho. Ukaika -ku- tanthauzo limasuntha, limakhala la chinthu chomwe chikadali panjira. "Zovala zauma, kazianule" ndi "zovala zikuuma, zisiye kaye". Chitsanzo chomwe aliyense anachimva nthawi yomweyo ndi cha kuvala: "Mumuzindikira mosavuta, wavala malaya ofiira" ndi "dikirani pang'ono, akuvala". Wachiwiriyu mukalowa m'chipindamo muchita manyazi.

Koma si onse amatsatira njira imeneyi, ndipo tikanangoika lamulo limodzi tikanasocheretsa anthu. Kudwala kumachita zake. Munthu amene ali chigonere timati akudwala, wadwala ndi amene matenda amugwira kumene, amadwala ndi wa matenda okhalitsa, "amadwala shuga", pomwe wodwaladwala ndi amene sapita nthawi asanagwidwe ndi kena. Kudziwa nakonso, ndikudziwa ndi mmene ndilili, ndadziwa ndiye kuti ndangozindikira pompano. Kugona kumalola zonse ziwiri, wagona, akugona, mwanayo ali m'tulo basi. Kulemera nde kumasiyanitsa katundu ndi munthu, "chikwamachi chikulemera" koma "mkulu uja analemera". Nde liwu lililonse tikuliyesa palokha ndi wa-, aku-, ama-, n'kulemba zomwe zikusintha.

Kufooka takuika pa malire a magulu awiri aja, la kulephera ndi la mmene munthu alili. "Wodwalayo wafooka, sakutha kudzuka yekha" ndi za thupi. "Atamva zotsatira anafooka, sanafunenso kulembanso" ndi za mtima, ndipo apa kakuyandikana ndi kugwa mphwayi ndi kutaya mtima.

Lachitatu

Mutu wandipweteka ndi nkhani ya kamvekedwe ka liwu. Chichewa polankhula timakweza ndi kutsitsa liwu ndipo zimenezo zimasintha tanthauzo, koma polemba sitiika chizindikiro chilichonse. Tengani sanabwere. Polankhula pali awiri, wina wonena kuti munthuyo sanabwere basi nkhani inatha, wina wonena kuti mpaka pano sanafike koma tikumudikira. Khutu limasiyanitsa, pepala ayi. Pa gawo la kulephera izi n'zofunika kwambiri chifukwa woyambayo ndi kulephera, wachiwiriyo ayi, munthuyo mwina ali panjira. Nde chiganizo chilichonse chotere tikuchikakamiza kunyamula kena koonetsa mbali, dzulo, chaka chatha, mpaka pano, kapena -be uja. "Sanabwere dzulo ngakhale tinamuitana." "Sanabwerebe, tiyeni tidikire."

Chimodzimodzi nthawi yakale. Pali kale lomwe zotsatira zake zilipobe ndi kale lomwe zotsatira zake zinafufutika. Zimenezi si zatsopano, Mark Hanna Watkins anazilemba kale m'buku lake lomwe linatuluka mu 1937 atafufuza Chichewa ku Chicago, ndipo amene ankamuuza mawuwo anali Kamuzu Banda ali wophunzira kumeneko. "Foni inawonongeka" itha kutanthauza kuti ndi yowonongekabe, kapena kuti inawonongeka nthawi ina koma pano ili bwino, ena polemba amatalikitsa a kuti inaawonongeka kapena idaawonongeka pofuna kuonetsa yachiwiriyi. Ife sitidalira a wachiwiriyo chifukwa owerenga ambiri amuona ngati typing error, tikumalizitsa chiganizo basi: "Foni ija inawonongeka, pano ndikugwiritsa ya mlongo wanga." "Inawonongekapo chaka chatha koma anaikonza."

Za -na- ndi -da- tasiya kukangana. Wolemba chiganizo alembe mmene amalankhulira, anatopa kaya adatopa, bola m'chiganizo chimodzi asasakanize.

Lachinayi

Ndi komanso -li, mwachidule chifukwa sizinativute kwenikweni. Ndi amanena chomwe munthu ali, -li amanena mmene alili kapena pomwe ali. "Ndi dokotala" koma "ali bwino", "ali kuntchito", "ali ndi mantha". Pokana si ndi sali, ndipo kukhala ndi kanthu kukakanidwa kumasanduka alibe. Awiri omwe tawaika moyandikana dala ndi "ndi waulesi" ndi "wagwa ulesi", woyamba ndi khalidwe lake wachiwiri ndi za lero lokha. Tinaonjezeranso akadali, "akadali moyo", "akadali mwana", chifukwa amanena za mmene zinthu zilili koma ndi kachiyembekezo koti zisintha.

Loweruka

Zamakina ndi zamumsewu. Apa ziganizo zinabwera zambiri kuposa gawo lina lililonse, zikuoneka kuti anthu zipangizo zimawakhumudwitsa kwambiri. Foni yafa, batire yatha, netiweki ikuvuta, magetsi azima, tayala laphwa, injini yazima payokha, kompyuta yangoima. Chomwe tasamala ndi kusiyanitsa kufa, kuzima ndi kutha, chifukwa foni yozima umayatsa, ya batire yotha umatchaja, yakufa umapita nayo kwa okonza. Chiganizo chomwe chalowa: "Sinafe ayi, yangozima, taiyatsani muone."

Kufoira kwalowa koma taikapo chizindikiro choti ndi kolankhula pocheza, "pulani ija yafoira", "usandiuze zofoira". Winawake asakalembe mu kalata yofunsira ntchito. Zavuta nalonso talipatsa malo akeake, liwu limeneli limanyamula zambiri, kuyambira pa kusowa thiransipoti mpaka pa uthenga wa imfa, nde chiganizo chake chikuyenera kunena chomwe chavutacho apo ayi wowerenga adzidzimuka pachabe.

Zining'a tazipatula, zikhala ndi tsamba lake mu faili: kugwira fuwa la moto, kubwerako chimanjamanja, kusowa mtengo wogwira, ndalama kulowa m'madzi, manja ali m'khosi. Lamulo lathu losinthanitsa lija pa zining'a silikugwira bwino chifukwa chining'a chimalowa m'malo mwa chiganizo chonse osati liwu limodzi, nde tikuganiza zoti chilichonse chizikhala ndi kankhani ka mizere iwiri m'malo mwa chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo: "Anamulonjeza ntchito mpaka anasiya yomwe anali nayo. Atapita anapeza alemba wina, anangogwira fuwa la moto." Awiri mu timu akuti n'zotalika kwambiri pa foni, sitinamange mfundo.

Zomwe zatsala pa gawo lino ndi kutheka ndi kukwanitsa, makamaka sizinatheke ndi sindinakwanitse, kenako kusowa, lomwe ndikuliopa chifukwa "ndasowa ndalama", "ndalama zasowa" ndi "mwasowatu" ndi zinthu zitatu zosiyana. Amene muli ndi ziganizo za kusowa tumizani pofika Lachitatu, koma muyambe mwaziyesa nokha poikapo kutayika ndi kufuna, zikalowa bwinobwino musatumize.